Njerwa za Mkamwini

Ndege ikamanyamuka pabwalo la ku Mfuwe, anthu a kumeneko sadzutsanso mutu. Anaizolowera ngati kulira kwa mvuu. Koma Juliet ayi. Ngakhale atagwira tsitsi la kasitomala m'manja, ankaima kaye, maso m'mwamba, mpaka kadontho kaja katasowa cha ku Lusaka. Anali ndi zaka twente-folo, ndipo kutali kwake konse kunali ku Chipata, kumene anapitako kawiri: kamodzi kukazulitsa dzino, kachiwiri ku maliro.

Mlongo wake Evans anachoka ali wamng'ono kuposa pamenepo, napita ku migodi ya ku Solwezi, banja lonse likumuperekeza ndi nyimbo. Koma Juliet atangotchula zopita ku Lusaka, amake, a Margaret, anagwira pamtima ngati alandira uthenga wa imfa. Mwana wamkazi mmodzi yekhayo! Dimba adzasunga ndani? Mtundu udzabadwira kuti? Kwa Akunda, anthu a mtundu wake, mudzi ndi wa akazi: mwamuna amachita kubwera, n'kumanga nyumba kuseri kwa apongozi ake, ana n'kukhala a kuchikazi. Ukamazimva zimakoma ngati ulemu. Juliet ankati ndi chingwe chimene anangochipaka mafuta.

Ndiye Wiseman atamufunsira, mtima wake unavina kawiri. Koyamba chifukwa cha munthuyo: wamtali, wofatsa, woseka mochedwa ngati nthabwala amayamba waitafuna. Kachiwiri chifukwa anali Mngoni. Makolo ake anatsika kuchokera kumtunda kudzalima thonje ndi kutsegula golosale ku Masumba, koma mwambo wawo anatsika nawo: Mngoni amalowola, n'kutenga mkazi wake kupita naye kumene akufuna. Kuwonjezera apo, Wiseman anali atayendetsa malole zaka zambiri. Beira, Dar es Salaam, Kasumbalesa, Durban. Mayina amenewa Juliet ankawasunga m'kamwa ngati switi yosafuna kuti isungunuke.

Sabata ina Wiseman anayamba kusowa. Juliet ankagona kwa msuweni wake pafupi ndi msika, kumudzi n'kumapita Lamlungu lokha, ndipo foni yake inkangolandira timauthenga tachidule.

"Ndatanganidwa, mtima wanga. Ndikukukonzera kanthu."

"Kanthu kake kali ndi matayala?"

Wiseman n'kutumiza kankhope koseka basi. Juliet anatsimikiza yekha: munthuyu wapezanso ntchito ya malole, mwina ku Ndola, ndipo akusaka nyumba ya lendi.

Lachisanu masana, ali pakati poluka, pakhomo pa saluni panaima Tina. Ameneyu anali mtsikana wa kwaya, wa banja la kumtunda nayenso, amene ankathandiza amake Wiseman mugolosale. Mfuwe yense ankadziwa kuti Wiseman anamuwerengera kale kuti ndi wake.

"Mwaswera bwanji, madamu a ndege?"

"Taswera. Mwabwerera tsitsi kapena nkhani?"

"Langa amandiluka ku Chipata, mama. Ndangobwera kudzakuyamikirani. Nyumba yabwino ndithu. Akuti zipinda zitatu eti?"

"Nyumba yanji?"

Tina anawomba m'manja, nayang'ana kasitomala uja ngati akufuna mboni. "Aa! Simukudziwa? Bwenzi lanu sabata yonseyi lili kuseri kwa amanu, matope mpaka m'mawondo, likuumba njerwa. Amalume anu alipimira kale malo. Munthu woti anaona nyanja ya mchere, lero mkamwini! Mwawina, mama. Mudzakalambira pompano. Ndege muzidzangoibayibitsa, mwana kumsana."

Juliet anamaliza mzere umene anaugwira, chifukwa ukali wake sunkagwera munthu wosalakwa. Kenako anapukuta manja, natenga njinga ya msuweni wake.

* * *

Anapalasa dzuwa la Okutobala likuwotcha ngati lili ndi mlandu ndi munthu. Kumudzi anakapeza zonse monga Tina ananenera. Kuseri kwa nyumba ya amake, pamene kale panali khola la mbuzi, panali mizeremizere ya njerwa zaziwisi. M'dzenje munali Wiseman, buluku atapinda, chipewa chake chofiira cha malole chili kumutu, akuponda matope. Pansi pa mtengo wa mango panali amalume ake a Juliet, a Jairos, msodzi wa mimba yaikulu ndi mawu aakulu, akusoka ukonde uku akulamulira ntchito imene sankaigwira.

"Wafika mwini nyumba!" anakuwa a Jairos. "Mphwanga, taona! Mngoni ameneyu ndamuyesa, ndi munthu. Za ng'ombe sanatchule n'komwe. Zikanangotha ndi ntchentche za kashembe kuno!"

Juliet anawagwadira, nawapatsa moni wozizira. Kenako anatembenukira kudzenje.

"Wise, tuluka m'menemo. Tiye kumchenga."

Anatsetserekera kumtsinje wa Lupande, umene nyengo imeneyo unali mchenga wokhawokha ndi mapazi a njovu. Wiseman ankabwera m'mbuyo akumwetulira, matope akuuma m'miyendo.

"Wakuuza ndani? Ndimafuna udzangoona makoma ataima."

"Wandiuza Tina. Pamaso pa kasitomala."

Kumwetulira kuja kunazima.

"Wafunsa amalume," anatero Juliet. "Wafunsa amama. Ndikhulupirira kuti ndi dothi lomwe walifunsa ngati ndi labwino. Ine wandifunsa?"

"Juliet, ndakangana ndi amayi chifukwa cha nyumba imeneyi. Sakundiyankhula. Ndawauza kuti mkazi wanga sindimuzula kwawo."

"Anakuuza ndani kuti sindifuna kuzulidwa? Ndine mtengo wa mango ine?"

Wiseman anakhala pansi pamchenga. "Ndiye umafuna chiyani?"

"Ndimafuna unditenge! Nthawi zonse ndimakufunsa za Beira, za Durban, unkaganiza kuti ndikukufunsa kuti ndipeze tulo?"

"Ndinkaganiza kuti ukundimvera chisoni."

"Chisoni!"

"Ee, chisoni." Anavula chipewa nachizunguza m'manja. "Iwe ukuganiza kuti ndinaona chiyani ku Durban? Geti la padoko ndi chimbudzi cholipira. Dziko ndinaliona pagalasi, likuthawa. Ndikuuze chimene chinandibweza? Tinali pamzere wa malole pa Kasumbalesa, masabata, osasuntha. Tsiku lina mayi wina wogulitsa tiyi anasonkha moto pafupi ndi lole yanga. Sindikudziwa nkhuni anazitenga kuti, koma munali tsanya. Fungo lija litangondifika, ndinaona khonde la kwathu, ndinamva njiwa za m'mawa, ndinamva amayi akukalipira nkhuku. Ndinakabisala kuseri kwa tayala, bambo wathunthu, ndikulira ngati mwana wosiyidwa pasukulu."



"Chimabwera ngati malungo," anapitiriza Wiseman. "Chakudya chimasanduka pepala. Anthu akuseka, iwe ukumva ngati wailesi ya m'nyumba ya eni. M'foni mwanga munali mawu a mvuu amene ndinajambula pa Luangwa, ndinkawamvera kuti ndigone. Anzanga ankati ndapenga. Ndiye nditabwera n'kukupeza iwe, ndinati basi, ndafika. Sindifuna kuti chimenechi chidzakugwire."

Zinamukhudza, ndipo kukhudzidwako kunamukwiyitsa kwambiri.

"Wise, iwe unadwala chifukwa unakhuta. Ine ndili ndi njala, iwe ukundifotokozera kuwawa kwa m'mimba mwa munthu wokhuta. Chisiye chidzandigwire! Nanenso ndikufuna ndikalire kuseri kwa tayala langa. Bwanji aliyense m'chigwa muno amadziwa zondiyenera kupatula ine?"

Anakwera mtunda osacheuka. Panjinga anapeza amake atagwira chishalo.

"Mwamuna wakugwadira, Mngoni wathunthu. Ukufunanso chiyani, mwana iwe?"

"Ndikufuna ndikaone zimene Evans anaona."

"Evans ndi mwamuna."

"Maso ake anawapanga ndi zina, amama?"

A Margaret anasiya chishalo.

* * *

Masiku otsatira foni inagwira ntchito yaikulu.

"Wadya?"

"Funsa amalume."

"Juliet, chonde."

"Njerwa zili bwanji? Uzipatse moni."

"Taziwunjika. Mawa tiwotcha, mvula isanatipeze. Ndisiye?"

Funso limeneli Juliet analiyang'ana nthawi yaitali. Akanati siya, njerwa zaziwisi zikanasungunuka ndi mvula yoyamba, thukuta lonse la munthu uja n'kubwerera m'dzenje. Akanati wotcha, ndiye kuti wavomera chingwe. Sanayankhe. Koma madzulo ake anadzipeza ataima kuseri kwa saluni, akuyang'ana utsi umene unkakwera cha kumudzi kwawo, ndipo anadzitukwana.

Chimene sankayembekezera n'chakuti angaitanidwe ndi a Delia, amake Wiseman. Mayi ameneyu, chiyambire chibwenzi, moni wa Juliet ankauyankha ndi mphuno. Koma tsiku limenelo anamukhazika pabenchi ya mugolosale, namutsegulira Fanta yozizira ndi manja awo.

"Imwa, mwananga."

Juliet analigwira botolo mosamala ngati mwina liluma.

"Sindinakubisirepo kuti si iwe amene ndinkamufunira mwana wanga," anayamba a Delia.

"Simunabisepo, amayi."

"Pakamwa uli napo, ndinamva. Chabwino. Koma lero ine ndi iwe tikudana ndi chinthu chimodzi. Njerwa zija."

Anakhala pampando wawo wa kuseri kwa kauntala, nayang'ana panja, kumene mbuzi zinkapumira pansi pa lole yaing'ono ya golosale.

"Ine ndinatsika kuno ndili mtengwa wamng'ono. Malemu amuna anga anati tikangolima thonje zaka ziwiri, tibwerera. Taona, imvi zandimerera kuno. Koma mpaka lero ndikati kwathu, sindinena ng'anjo inoyi. Ndimalota mphepo ya Juni ya ku Mtenguleni, ng'ombe zikulowa m'khola, fumbi lake likununkhira. Bambo ake Wiseman ndinakawaika kumeneko, ndipo nanenso mudzakandiika komweko. Ndiye mwana wawo mmodzi yekhayo wamwamuna akakhale mkamwini? Azikathawa apongozi panjira, azikatumidwa ngati waganyu, ana ake n'kukhala a eni? Ndili moyo?"

Kwa kanthawi Juliet anawaona mwatsopano: mayi amene thupi lake linakalambira m'chigwa, mtima uli pamwamba pa phiri. Matenda a Wiseman omwe aja, kungoti awa ankalozera kwina.

"Ndamva kuti umafuna kuona dziko," anatero a Delia, atapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Mng'ono wanga Alice ali ndi saluni ku Livingstone. Amaluka azungu ndi anthu a mayiko onse. Akusowa munthu wa manja abwino, ndipo malo ogona alipo. Ndayankhula naye. Pita. Mvula ikatha ubwere, tidzakambirane ngati akuluakulu."

Livingstone! 

"Nanga n'chifukwa chiyani mukundichitira zimenezi, amayi?"

"Chifukwa mtsikana amene anamukaniza ulendo amasanduka mkazi wodandaula. Sindifuna mwana wanga adzadye madandaulo tsiku ndi tsiku."

Kuseri kwa mashelefu Tina ankasanja sopo, mwakachetechete mopitirira muyeso, sopo amene anali wosanjika kale.

Juliet sanali mwana. Msampha anauona, ndi chingwe chake chomwe. Amuchotse pamalo, Wiseman atsale yekha ndi ukali wake, Tina azidutsa pafupi ndi mbale yovundikira. Koma nyambo yake inali Livingstone, ndipo Juliet anali asanakumanepo ndi msampha umene sakanaulumpha. Anamaliza Fanta yonse, naika botolo pakauntala.

"Zikomo, amayi. Muwauze a Alice kuti ndikubwera."

* * *

Lamlungu, atatuluka m'tchalitchi, Juliet anasonkhanitsa onse pansi pa mtengo wa mango. Njerwa zinali zitapsa, uvuni utazizira, mulu wofiira ukununkhira moto. A Jairos anali pampando wawo ndi ukonde. A Margaret anakhala patali pamphasa, atatembenukira kumbali, ndipo Wiseman anakhala pachitsa akuyang'ana pansi, pakuti mkamwini ndi apongozi sapenyana m'maso.

Juliet anagwada pakati.

"Amalume, amama, ndili ndi mawu. Nyumbayi ndaivomera. Wise ndinamuvomera kale ndipo sindinasinthe. Ukwati udzachitika mvula ikatha, monga tinapangana. Koma ine Lachitatu ndikupita ku Livingstone, kukagwira ntchito mpaka nthawi imeneyo. Iyeyu atsala pano, azimanga."

"Mayo ine!" A Margaret anaiwala zotembenukira kumbali. "Mkamwini akhale pamudzi mkazi palibe? Zinaonekapo kuti zimenezi?"

"Ziyambira pano, amama."

"Anthu adzatiseka!"

"Aseke. Akazi a m'chigwa chino akhala akudikira amuna kuyambira kalekale. Agogo anadikira agogo aamuna ali ku migodi. Inuyo munadikira atate mpaka tsitsi linayera, osabwera. Mlamu wanga akudikira Evans pompano, ndi ana awiri. Palibe ananenapo kuti n'zachilendo. Mwamuna mmodzi yekha adikireko, tione ngati Luangwa ayambe kuyenda chobwerera."

A Jairos anaseka mpaka ukonde unagwa pamiyendo pawo. "Mwana uyu anatengera ndani? Chabwino, mphwanga, nanga chakudya? Mkamwini salandira mbale m'manja mwa apongozi ake. Madzi osamba adzamuikira ndani?"

"Anadziphikira pambaula kuchokera ku Beira mpaka ku Congo, amalume. Ndipo mjigo akuudziwa pamene uli."

Onse anayang'ana Wiseman, kupatula a Margaret, amene anakumbukira mwambo n'kuyang'ana nkhuku. Wiseman anazunguza chipewa chake m'manja. Mtima wa Juliet unagunda kwambiri, pakuti pakamwa pokha ndi pamene panali polimba. Akanati ayi, akanatani? Akanamusiya? Ankadziwa kuti sakanatha.

"Amalume," anatero Wiseman pomaliza, "ine msewu ndinaukhuta, ndiye ndinaganiza kuti ndakhutira tonse awiri. Apite. Akadzabwera adzapeza denga."

"Ha!" anatero a Jairos. "Ndinanena ine kuti ndi munthu!"

A Margaret anadzuka, nakung'unza chitenje mwamphamvu, n'kulowa m'nyumba. Koma chitseko sanamenyetse.

Atatsala awiri, Wiseman anamutengera pamaziko amene anali atakumba. Anamuonetsa pabalaza, chipinda chogona, ndi kachipinda kena kamene anati ndi ka ana koma Juliet anati ndi ka saluni.

"Khomo ndaliyang'anitsa kumsewu," anatero Wiseman. "Kuti ukamadzabwera ndidzakuonere patali."

"Kapena kuti ndikamadzafuna kutuluka ndisamavutike."

"Zonse ziwiri." Anaseka mochedwa, monga mwa nthawi zonse. "Koma ntchito imeneyi waipeza bwanji?"

"Amayi ako. Kwa a Alice."

Nkhope yake inasintha. "Amayi? Juliet, amayi sapereka Fanta yaulere."

"Ndikudziwa. Akufuna ndichoke kuti Tina apeze mpata. Nanga iwe ndiwe mbuzi yoti aliyense wogwira chingwe angaikoke?"

"Ayi."

"Basi. Iwo aganize kuti andichotsa, ine ndikaone mathithi, iwe umange. Tidye tonse."

Wiseman anapukusa mutu, napita pamulu wa nkhuni zotsala pa uvuni. Anasankha kachidutswa ka tsanya kofanana ndi chala, kofiira m'kati, nakaika m'dzanja la Juliet.

"Chikadzakugwira chija, udzayatse kansonga kake."

"Ine? Sichingandigwire. Ndidzakubweretsera kali kathunthu."

"Tidzaona."

Anamutseka chikhatho ndi manja ake onse awiri, okhakhala ndi njerwa, ndipo anaima choncho mpaka a Jairos, ali patali pansi pa mango, anatsokomola chifuwa chimene analibe.

* * *

Lachitatu m'mawa Wiseman anamuperekeza pa siteji. Anamukwezera chikwama pamwamba pa minibasi ya ku Chipata, nakangana ndi kondakitala kuti achimange bwino, n'kumupezera mpando wa pawindo. Padzanja anali atavala wotchi ya lamba wobiriwira imene Juliet anamugulira pa Khirisimasi.

"Ukafika pa Chipata undiimbire. Basi ya ku Lusaka usakwere ya kumbuyo kwa msika."

"Ndamva, atate."

"Ndipo usamagone m'basi foni ili m'manja."

"Wise, pita ukamange."

Minibasi inanyamuka wailesi ikulira. Juliet anatulutsa mutu pawindo, mphepo ikumumenya kumaso, ndipo anafuna kukuwa kuti chigwa chonse chimve. Minda ya thonje inadutsa, masitolo a ku Masumba anadutsa, ana a sukulu, amayi a nthochi, njinga za makala. Zonsezi anazibayibitsa mumtima ngati mfumukazi. Lero ndege ndi iyeyo.

Atadutsa pa boma la Mambwe, msewu unayamba kukwera. Injini inalira, anthu anachepetsa nkhani. Pokhota pena Juliet anacheuka, naona chigwa chonse chitagona pansi, chotuwa, chotakata, utsi woonda ukukwera apa ndi apo. Pomwepo, m'mbali mwa msewu, munthu wina ankawotcha makala, ndipo mphepo inalowetsa utsi pawindo.

Tsanya.

Chinthu chija chinamugwira. Anaona amake akukung'unza chitenje. Anaona mbuzi, mjigo, mchenga wa Lupande, miyendo yamatope. Maso anatentha.

Iwe Juliet, n'chiyani chimenechi? Ndi ku Chipata komwe sunafike!

Anadziseka, napukuta m'maso ndi ukali. Chabwino, chamugwira. Chigwire. Si chimene ankafuna? Anatulutsa foni kuti avomere kwa Wiseman kuti wamuwina, asanayambe kunyada.

M'fonimo munali kale uthenga, wochokera kwa Tina. Chithunzi.

Lole yaing'ono ya golosale inali itaima chobwerera pa uvuni, kuseri kwa nyumba ya amake Juliet. Njerwa zinali zitadzaza theka. Amuna awiri achilendo ankapatsirana zina. Pamwamba pa njerwazo panakhala Tina, miyendo ataipingasa, akuseka, kumutu atavala chipewa chofiira cha malole. Pansi pake analemba kuti:

"Ulendo wabwino, madamu a ndege. Amayi akuti mkamwini wopanda mkazi kulibe. Nyumba ikamangidwa ku Masumba, kuseri kwa golosale."

Juliet anamva kuzizira dzuwa lili phwee. Iye ankalondera mwamuna, osadziwa kuti a Delia akubwerera nyumba. Njerwa zikachoka padothi la amake, chikamwini chatha, pangano la pansi pa mango latha, ndipo a Jairos sadzalolanso kumva dzina la Wiseman.

Anakuza chithunzicho ndi zala. M'mphepete mwenimweni, pamene kamera inadula, panali mkono umodzi utagwira njerwa pakhoma la lole. Lamba wobiriwira.

Akukweza, kapena akutsitsa?

Anayang'ana mpaka maso anawawa. Mkonowo sunanene kanthu. Anaimba. Foni inangoti tii, n'kuduka. Netiweki inali itatsalira m'chigwa.

"Imani!" Anamenya denga la minibasi ndi chikhatho. "Adalaivala, imani!"

"N'chiyani, sisi? Mwadwala?"

"Ndati imani!"

Minibasi inaima pambali. Juliet analumpha miyendo ya anthu, thumba la mpunga ndi nkhuku ya munthu, n'kutsika.

"Ngati ndi kuthengo fulumirani, sisi!" anakuwa kondakitala. "Tili ndi anthu a basi ya Lusaka muno!"

Patsidya pa ngalande panali chulu chachitali. Juliet anavula nsapato zake zatsopano, nakwera ndi manja ndi miyendo, diresi la ulendo likukokedwa ndi minga. M'minibasi anthu anatulutsa mitu.

"Akufuna netiweki!"

"Ndi za mwamuna zimenezo, ine ndikudziwa."

"Mwana wanga, kulibe mwamuna woyenera kukwerera chulu!" anakuwa mayi wa nkhuku uja, ndipo onse anaseka.

Aseke. Pamwamba pa chulu anakweza foni m'mwamba. Kamzere kamodzi kanabwera, kanathawa, kanabweranso. Anaimba. Inalira kamodzi. Kawiri. M'dzanja lina anali atafinya kachidutswa ka tsanya mpaka kanamulasa. Yankha, Wise. Ungonena liwu limodzi lokha, ine ndikwera minibasi iyi ndikuimba nyimbo.

Foni inayankhidwa. Kumbuyo kunkamveka injini ya lole, njerwa zikugundana, ndi mawu a a Jairos akukalipa patali.

"Halo-o," anatero mawu a mkazi, otsekemera ngati a kwaya. "A Wiseman m'manja muli dothi, mama. Ndiwauze kuti waimba ndani?"

Pansi pamsewu dalaivala analiza hutala. Kondakitala anali atakwera pamwamba pa minibasi, chingwe atamasula, chikwama cha Juliet atachinyamula m'mwamba.

"Sisi! Nthawi yatha! Chikwamachi tikweze kapena titsitse?"